Fomalini akatayika, woyamba kuitanidwa amakhala wokolopa

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Tikukonza chikalata choti tikhome pakhoma mu labu ndi ku mochale, chonena zoyenera kuchita fomalini akatayika, mankhwala aja oumitsira mitembo ndi kusungira zotupa. Chimene tili nacho chinabwera ndi chigubu, n'cha Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono, ndipo chikutchula zipangizo zimene kuno kulibe. Tikufuna cha Chichewa, chachifupi, choti mayi wokolopa kapena mlonda awerenge ali chiimire n'kumva. Inu amene mumagwira mankhwalawa tsiku ndi tsiku, mzere woyamba mungalembepo chiyani?

A Gondwe: Mzere woyamba ukhale wakuti tulukani nonse. Mutseke chitseko cholowera kukhonde la odwala, mawindo akunja mutsekule ngati mungawafikire osaponda pamene patayikirapo. Zina zonse zibwere pambuyo. Ine imvi zamerera ku mochale mwana wanga, ndipo ndaona kuti munthu akagwetsa chigubu amagwidwa manyazi, amafuna apukute msanga abwana asanaone. Manyazi amenewo ndi amene amamugwaditsa pansi, nkhope kufupi ndi mankhwala, pamene fungo lachita kukhathamira.

Nangondo ku Leeds: Madala anena zoona. Mzere wachiwiri ukhale wa munthu amene wadonthokeredwa. Pansi padikire, munthu ayi. Avule chovala chonyowacho pompo, nsapato ndi masokosi omwe, aime pampopi. Ngati alowa m'maso, madzi ayenderere kwa mphindi 15 osalekeza, zikope atazikanula ndi zala, mnzake atagwira wotchi. Mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene timaganizira, ambiri amasiya pa mphindi ziwiri poti ululu wachepako.

Nabanda: Nanga madzi akasiya kutuluka kumpopi? Kuno zimachitika.

Nangondo ku Leeds: Ndiye chigubu cha malita 20 cha madzi oyera chizikhala pamalo amodzi, cholembedwa kuti n'chotsukira maso, madzi ake azisinthidwa. Dripi ya saline nayo imagwira ntchito bwino lomwe, mungoidula n'kumathira. Chachikulu musachedwe pofunafuna madzi apamwamba.

Mayi a Yankho: Pepani ndilowererepo. Ine si wa labu, ndimayang'anira amayi okolopa. Chikatayika chilichonse m'chipatala, kaya magazi, kaya masanzi, mawu amakhala amodzi: itanani amayi akolope. Ndipo anatiphunzitsa bwinobwino kuti chotayika chilichonse uyambe wathirapo jiki, udikire, kenako ukolope. Palibe anatiuzapo kuti pali zina zosafuna jiki.

Pachipatala china pamene ndinkagwira kale, botolo lalikulu la chotupa chochokera ku fiyeta linagwa pa tolole n'kusweka pakhonde. Anaitana mayi wina wa m'gulu langa. Mayiyo anabwera ndi ndowa yake, n'kugwada, n'kumapukuta ndi chikolopa, n'kumafinya ndi manja opanda kanthu. Misozi ili chuchuchu, iye kumangopukuta ndi phewa n'kumapitiriza, poti anthu amadutsa ndipo amafuna njira. Pofika masana zala zake zinali zitayera mbuu, khungu litauma gwa, patapita masiku linayamba kung'aluka m'mizere ya m'manja. Usiku umenewo sanagone ndi chifuwa. Amene anamuitana anali ataima patali atagwira mphuno, koma dzina la mankhwalawo sanamuuze. Choncho achemwali a Nabanda, chikalata chanucho mulembepo poonekera kuti wokolopa asaitanidwe. Akaitanidwa, akhale woti anaphunzitsidwa ndipo wavala zonse.

Nabanda: Amayi, mwandikhudza. Zimenezo zilowa ndithu.

Aphunzitsi Mwale: Nkhani ya jiki ndiitsindike. Fomalini asakumane ndi jiki, asakumanenso ndi mankhwala otsukira zimbudzi amene ali ndi hydrochloric acid. Akasakanikirana ndi asidi ameneyu pamatha kupangika mpweya wotchedwa bis(chloromethyl) ether, umene umadziwika kuti umayambitsa khansa ya m'mapapo ngakhale utachepa chotani. Jiki naye amalimbana ndi fomalini n'kutulutsa mpweya wina wowawa pamwamba pa umene ulipo kale. Munthu amaganiza kuti akupha poizoni pamene akuwonjezera.

Ndifotokozeko pang'ono za chimene chili m'chigubumo, poti ambiri timangochidziwa ndi fungo. Formaldehyde payekha ndi mpweya. Amausungunula m'madzi, ndiye fomalini ameneyo. Wa m'chigubu chochokera ku sitolo amakhala ndi 37% ya formaldehyde, kuphatikizapo methanol, mtundu wa mowa wapoizoni, wokwana 10 mpaka 15% woti asaundane. Amene mumaikamo zotupa uja, wolembedwa 10%, ndi gawo limodzi la wa m'chigubu pa magawo 9 a madzi, ndiye formaldehyde wake ndi pafupifupi 4% basi. Kutayika kwa awiriwa si kofanana. Funso loyamba kwa amene wagwetsa likhale lakuti: ndi wosungunula kapena wa m'chigubu?

Kamanga wa Nkhuku: Aphunzitsi, ife kumalo oswetsera anapiye timamugwiritsa ntchito pofukiza makina ndi mazira. Kunena zoona fungo lija timalizolowera. Obwera kumene amalira, koma pakatha mwezi salimvanso. Si ndiye kuti thupi lalimba?

Nangondo ku Leeds: Ayi achimwene, ndi mphuno imene yatopa, mapapo akulandirabe chimodzimodzi. Wozolowerayo ndi amene ali pangozi yaikulu chifukwa chomuchenjeza chija chaleka kugwira ntchito. Mlendo akalowa n'kuyamba kutsokomola inu muli phee, mukhulupirire mlendoyo.

Ndikupatseni manambala muone kuchepa kwake. Muyeso wake ndi ppm, kutanthauza magawo a mankhwala pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Ku America bungwe loona za chitetezo cha pantchito la OSHA limalola 0.75 ppm pa maola 8 a ntchito, ndi 2 ppm kwa mphindi 15 zokha. Mayiko a EU anatsitsa kufika pa 0.3 ppm pa maola 8. Kuno ku Britain malire ndi 2 ppm, koma lamulo limati pa mankhwala oyambitsa khansa uzitsitsa mpaka pamene ungathere. Ikafika 20 ppm, a NIOSH, bungwe lina la ku America, amati moyo uli pachiswe nthawi yomweyo. Mphuno ya munthu wosazolowera imayamba kumva isanakwane 1 ppm.

A Gondwe: Ma ppm amenewo ife tiwayeza ndi chiyani mwana wanga? Kuno kulibe kamakina.

Aphunzitsi Mwale: Madala, tiyeni tiwasandutse supuni. Titenge chipinda cha mamita 4 m'lifupi, 5 m'litali, 3 kupita m'mwamba. Mpweya wake ndi ma cubic metre 60. Kuti m'chipinda chimenecho mufike 20 ppm pamafunika formaldehyde wolemera galamu imodzi ndi theka basi. Lita imodzi ya fomalini wa 37% imakhala ndi magalamu pafupifupi 400. Supuni yaing'ono ya tiyi, ya 5 ml, ili ndi magalamu awiri. Ndiye kuti zimene zili mu supuni imodzi, zitati zonse zikwere m'mwamba mawindo ali otseka, zapitirira kale mlingo woopsa uja. N'zoona kuti sizikwera zonse nthawi imodzi, zambiri zimatsalira m'madzimo. Koma taganizani chigubu cha malita asanu chitamwazika pa simenti yotentha mwezi wa October, chitafalikira chipinda chonse. Kukatentha, komanso akafalikira malo aakulu, mpweya umakwera msanga. N'chifukwa chake mopu ndi mdani pamenepa: amamwaza mankhwala pamalo aakulu kuposa pamene anagwera.

A Gondwe: Apo ndamva. Supuni ndikuidziwa.

Kamanga wa Nkhuku: Nanga titavala masiki awiri, kapena N95 ija inatsala nthawi ya Covid?

A Chirwa a ku OPD: Sizithandiza achimwene. Masiki a kuchipatala ndi N95 amatchinga fumbi ndi timadontho, koma uwu ndi mpweya, umangodutsa. Choopsa n'chakuti munthu akavala amalimba mtima n'kukhalitsa m'chipindamo. Chofunika ndi chophimba nkhope yonse chokhala ndi zosefera zolembedwa kuti n'za formaldehyde. Chongophimba mphuno ndi kamwa chimasiya maso pamtunda, ndipo maso ndi amene amayamba kugonja, amawawa ngati mwalowa tsabola, munthu osaonanso pamene akuponda. Magolovesi a latex aja timapimira odwala nawonso sachedwa kulowa. Pezani a nitrile okhuthala kapena a butyl, ofika m'kasukusuku.

Tembo ku Lusaka: Muli bwanji abale. Ine ndimagwira za chitetezo cha pantchito ku fakitale. Chimene chikalatacho chiyenera kudula pakati ndi ichi: kutayika kumene mungathane nako nokha, ndi kumene simuyenera kukhudza. Malo aliwonse amaika malire awo poona zipangizo zimene ali nazo. Kwa inu amene mulibe zophimba nkhope zija, ine ndingati botolo la wosungunula losakwana lita, pamalo podutsa mphepo, anthu awiri ophunzitsidwa angathe. Wa 37% akapitirira kapu imodzi m'chipinda chotseka, kapena aliyense akayamba kulephera kutsekula maso, musalowenso. Tsekani, ikani munthu pakhomo, itanani akuluakulu ndi ozimitsa moto ngati muli mumzinda, poti iwo ndi amene amakhala ndi mabotolo a mpweya obereka kumsana. Poimba foni munene dzina la mankhwala, kuchuluka kwake, ndiponso ngati pali wovulala. Pachigubu pamakhala nambala, UN 2209 kapena UN 1198, muwawerengere. Ya 1198 ndi ya mtundu umene umatha kuyaka, ndiye fodya, makandulo ndi mbaula zikhale kutali.

Nabanda: Kwathu kuno ozimitsa moto ali pamtunda wa maola angapo.

Tembo ku Lusaka: Ndiye mphepo ndi nthawi zikugwirireni ntchito. Chitseko chamkati chotseka, m'munsi mwake mutatsekamo nsanza yonyowa kuti fungo lisapite kwa odwala, mawindo akunja otsekula, anthu achoke mbali imene mphepo ikulowera. Palibe chimene chikupsa m'chipindamo choti munthu ataye nacho mapapo. Fani musailozetse kukhonde, ilozeni kunja. Ndipo ngati muli ndi makina oziziritsa amene amazunguliza mpweya m'zipinda zingapo, azimitseni.

Chinanso, kuuza anthu msanga. Kwathu kuno pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kopa ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Malipoti oyamba anati malita 50 miliyoni. Nsomba zinafa, minda inapserera, madzi a m'mipopi ku Kitwe anatsekedwa, ndege za asilikali zinkamwaza laimu mumtsinje. Mankhwala ake ndi ena, kukula kwakenso n'kwina, koma phunziro lake n'lakuti amene amavutika kwambiri ndi anthu akumunsi amene amatunga madzi asanamve kalikonse. Chigubu chanu chikalowa mu ngalande, kumunsi kuli mayi akuchapa.

A Jere a Zaumoyo: Mwanditengera mawu m'kamwa a Tembo. Anthu ambiri akaona zatayika amathamangira payipi kuti akankhire panja. Musatero. Fomalini amapha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo akalowa wambiri mu septic tank amapha tizilombo timene timaoletsa zonyansa, thanki n'kusiya kugwira ntchito. Ngati pali kabowo kotulutsira madzi pansi, monga mmene amamangira m'mochale, kazingeni ndi mchenga kapena kutsekapo ndi thumba la mchenga musanachite china chilichonse, bola ngati mungafikepo bwinobwino.

Nabanda: Tsono tifike pa kupukuta kwenikweni, kwa kochepa kuja. Mabuku akunena za vermiculite ndi mapilo omwa mankhwala. Ife tilibe.

Nangondo ku Leeds: Kuno tili ndi ufa wake wapadera, umathira pamwamba, umadikira mphindi zingapo, fomalini amagwirana n'kuleka kununkha, kenako umawola. Ngati a procurement angakugulireni, pemphani, amatchedwa formalin neutraliser. Koma mchenga wouma umagwira ntchito, ndipo suvuta kupeza. Muyambe kuthira kuzungulira m'mphepete kuti asafalikire, kenako muzilowa chamkati mpaka madzi onse amwedwe. Muwole ndi dasitipani yapulasitiki, osati ndi manja, poti mumakhala magalasi osweka. Zonse mu ndowa yokhala ndi chivundikiro chothina. Mukatero mutsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi ochepa, nsanza zakezo zilowenso mu ndowa yomweyo. Wopukuta asagwade n'kuweramira, ndipo azituluka kukapuma. Mnzake aime pakhomo akumuona, asalowe onse awiri.

A Gondwe: Ife timathira utuchi. Opala mabokosi ali pafupi ndi geti, amatipatsa ulere thumba lonse. Umamwa msanga kuposa mchenga.

Aphunzitsi Mwale: Kumwa umamwadi madala, sindikutsutsa. Vuto lake utuchi ndi nkhuni. Mwausakaniza ndi mankhwala okhala ndi methanol, ndiye wina mawa akautaya kudzala kumene amatentha zinyalala, utsi wake upita m'mawodi. Komanso ndi wopepuka, umauluka, umamatirira ku nsapato n'kufika nawo kunyumba. Ngati palibiretu china, uli bwino kuposa chikolopa, koma ulowe mu ndowa yotseka nthawi yomweyo. Pokonzekera, sungani mchenga.

A Gondwe: Mchenga wa mvula umakhala wonyowa.

Aphunzitsi Mwale: N'chifukwa chake uyanikidwe chilimwe chino, usefedwe, usungidwe mu ndowa yotseka pakona. Zimenezi sizifuna bajeti.

Kamanga wa Nkhuku: Ndinamvapo kuti feteleza wa urea amapha mphamvu ya fomalini. Ameneyo ndiye aliyense ali naye.

Aphunzitsi Mwale: Pali choonadi pamenepo. Urea ndi formaldehyde akagwirizana amapanga guluu amene amamatira matabwa a plywood ndi chipboard. Koma pansi pa simenti, popanda kutenthetsa kapena kuwonjezera zina, zimayenda pang'onopang'ono, inu mukupuma fungo mukudikira. Ammonia naye amamusandutsa hexamine, koma kuthira ammonia m'chipinda chotseka ndi kubanikitsa anthu kawiri. Zimenezo zisiyireni odziwa, pachikalata pasalembedwe. Koma inu a Kamanga ndili nanu mawu ena: potassium permanganate amene mumafukizira uja musamusunge shelefu imodzi ndi fomalini. Mukudziwa nokha mmene zimawirira ndi kutentha zikakumana m'mbale. Chigubu chikadontha pa paketi usiku, nyumba yonse idzadza mpweya ndipo moto ukhoza kubuka.

Kamanga wa Nkhuku: Zili m'kabati imodzi. Ndikazisiyanitsa lero lomwe.

Mayi a Yankho: Nanga ndowa yodzadza mchenga wonunkhayo ipita kuti? Chifukwa mukangoisiya pakhonde, mawa m'mawa adzaitenga ndi mayi wanga yemwe uja, n'kukaikhuthula kudzala, ndowa n'kuitsuka kuti azikolopera.

A Jere a Zaumoyo: Funso labwino amayi. Ndowa imatidwe ndi tepi, ilembedwe ndi marker zilembo zikuluzikulu: FOMALINI, POIZONI, OSATSEKULA, ndi tsiku. Isungidwe kunja kwa nyumba za odwala, pamthunzi, pamalo okhoma, kufikira a zaumoyo wa malo akonze zoti ipite kumalo otenthera zinyalala zoopsa ovomerezeka. Ng'anjo zathu za njerwa zija sizifika moto wofunika. Zinyalala za mtundu umenewu zili pansi pa lamulo la Environment Management Act la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, ndiye zikatayika zambiri kapena zikafika kumadzi, ofesi ya zachilengedwe ya pa boma iyenera kudziwa tsiku lomwelo.

Phiri Dalaivala: Mabwana, mwaiwala ife. Mabotolo a zotupa amayenda pa galimoto kuchoka m'maboma kupita ku labu zikuluzikulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ena amabwera m'mabotolo a mayonesi, chivundikiro chongomata ndi pulasitala. Msewu wa mabampu, dzuwa, magalasi otseka chifukwa cha fumbi. Likadontha ndimayamba kumva m'maso ndili pa liwiro.

Tembo ku Lusaka: Pamenepo imani pambali msanga achimwene, musalimbe mtima kuti ndifike kaye. Dalaivala wosaona ndi ngozi ina. Onse atsike, zitseko zonse zitsekulidwe. Ndipo musalole kunyamula botolo lili lokha. Lilowe m'thumba lapulasitiki lomanga, thumbalo lilowe mu ndowa kapena bokosi lotseka lokhala ndi thonje kapena mapepala pansi, liikidwe kumbuyo osati pampando.

Nabanda: A Phiri, mabotolo a mayonesi ndi nkhani ya ife otumiza. Ndiikamba pa msonkhano wa m'mawa.

A Gondwe: Ndifunse za mkaka. Chiyambire tikamaliza kukonza thupi timamwa mkaka kuti utsuke m'chifuwa. Anyamata anga amadandaula ukapanda kubwera.

A Chirwa a ku OPD: Madala, mkaka ndi chakudya chabwino, apitirize kumwa. Koma umapita m'mimba, pamene mpweya wapita m'mapapo. Sizikumana n'komwe. Chimene ndimaopa n'choti mabwana ena amagula mkaka m'malo mogula fani yotulutsa mpweya ndi magolovesi, ogwira ntchito n'kumaona ngati atetezedwa.

Wopuma fomalini wambiri mutulutseni panja, akhale tsonga, mumasule kolala. Ngati akubanika, akulira m'chifuwa, mawu asasa kapena ali ndi mphumu, abwere kwa ife msanga. Ndipo ngakhale aoneke kuti wachira, asagone yekha usiku umenewo, chifukwa madzi amatha kudzadza m'mapapo patapita maola. Diso limene lalowa fomalini lionedwe ndi a maso ngakhale litasiya kuwawa. Ntchito ya mankhwalawa ndi kuumitsa mnofu, ndipo sasankha kuti uwu ndi wa m'botolo, uwu ndi wa munthu wamoyo. Galasi la diso limatha kuchita mtambo pambuyo pake.

Nangondo ku Leeds: A Chirwa, munenekonso za womwa. Kumudzi anthu amagula pang'ono m'botolo la madzi akumwa pokonzekera maliro.

A Chirwa a ku OPD: Imeneyo ndiye imandidetsa nkhawa kwambiri. Fomalini ndi woyera mbee, m'botolo la madzi sungamusiyanitse ndi maso, ndipo pamaliro pamakhala ana ndi anthu otopa. Masupuni awiri aakulu, 30 ml, a wa 37% anaphapo munthu wamkulu. Womwa musamusanzitse, poti zimawotcha pakhosi popita n'kuwotchanso pobwerera. Musamupatse makala osinja, mazira aawisi kapena mankhwala azitsamba. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, achukuche m'kamwa, amwe madzi pang'ono, kapu imodzi osapitirira, muthamange naye. Botolo mubwere nalo. Mutiuze kuti ndi fomalini, chifukwa m'thupi amasanduka formic acid amene amawononga magazi ndi impso, ndiponso methanol uja amatha kuchititsa khungu. Tikadziwa msanga timadziwa choyang'ana.

A Gondwe, inu amene abale a malemu amakupemphani kuti muwagawireko, chonde musamathire m'botolo la chakumwa.

A Gondwe: Ine ndimakana. Ndimawauza kuti thupi libwere tikonze konkuno. Koma alipo ena ogulitsa mwamseri, timamva.

Mayi a Yankho: Ndili ndi funso limene lakhala likundivuta chiyambire nkhaniyi. Mwati mankhwalawa amayambitsa khansa. Mayi ndinakamba uja, amene anafinya ndi manja, ndiye kuti adzadwala khansa? Ndimakumana naye kutchalitchi, ndimuuze chiyani?

Nangondo ku Leeds: Amayi, mumuuze kuti asakhale ndi mantha a tsiku limodzi lija. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO imene ili ku Lyon m'dziko la France, linaika formaldehyde m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004, chifukwa cha khansa ya kuseri kwa mphuno, kumtunda kwa mmero. Mu 2009 anawonjezerapo khansa ya m'magazi, makamaka myeloid leukaemia. Boma la America linavomereza zomwezo mu 2011. Koma umboni wake unachokera kwa anthu amene anapuma mankhwalawa zaka ndi zaka. A National Cancer Institute, bungwe lofufuza za khansa ku America, anatsatira anthu oposa 25,000 ogwira ntchito m'mafakitale 10, ndipo kafukufuku wina wa mu 2009 anaona anthu oumitsa mitembo: amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri ndi amene imfa za khansa ya m'magazi zinachuluka pakati pawo. Ndiye amene ndikuwadera nkhawa kwambiri pagulu pano ndi a Gondwe ndi anyamata awo, ndi a Kamanga, kuposa mayi uja.

Komabe kutayika kuli ndi mbali yake. Mu kafukufuku wa m'mafakitale uja, chiopsezo chinkaoneka kwambiri mwa anthu amene ankakumana ndi mpweya wochuluka zedi pakanthawi kochepa, mobwerezabwereza. Kumeneko ndiye kutayika kumene tikukambaku, kukamachitika mwezi ndi mwezi n'kumangopukuta osalemba paliponse.

A Chirwa a ku OPD: Chimene chingamutsalire mayiyo ndi china. Thupi limatha kuyamba kudana ndi mankhwalawa, moti akadzangokhudza pang'ono manja amatuluka zidzolo, kapena chifuwa chimathina ngati mphumu. Mumufunse zimenezo. Ngati zilipo asamapatsidwe ntchito ya kufupi ndi fomalini. Amayi oyembekezera ndi a mphumu nawonso asakhale m'gulu lopukuta.

A Jere a Zaumoyo: Pa kulemba paja a Nangondo anena, tisadutsepo msanga. Kutayika kulikonse kulowe m'buku: tsiku, malo, kuchuluka, wa 10% kapena wa 37%, amene analipo ndi amene anapukuta. Wokhudzidwa akaonedwe ndipo zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Tili ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 imene imati wolemba ntchito ateteze antchito ake ndi kuwaphunzitsa za zoopsa, tilinso ndi Workers' Compensation Act ya 2000 ya chipukuta misozi. Koma munthu akadzadwala patapita zaka 15, ku ofesi ya zantchito adzamufunsa umboni. Amayi okolopa ambiri ndi aganyu kapena a makampani a kontrakiti, mayina awo sapezeka m'buku lililonse la chipatala. Amenewo ndiye alembedwe dzina lonse.

Mayi a Yankho: Mayi uja sanalembedwe paliponse. Anangopatsidwa Panado.

Tembo ku Lusaka: A Nabanda, pepala la Chingerezi lija musalitaye. Limakhala ndi zigawo 16. Chigawo 4 ndi chithandizo choyamba, 6 ndi zochita zikatayika, 8 ndi zovala, 13 ndi katayidwe ka zinyalala. Lipite ndi wodwala kwa adokotala. Ndipo tsiku lophunzitsa muwaonetse anthu zizindikiro za pachigubu, chigaza, madontho owotcha dzanja, ndi chithunzi cha munthu chokhala ndi nyenyezi pachifuwa. Chomalizachi ndi cha matenda obwera mochedwa monga khansa. Muyeserere ndi madzi wamba pabwalo, aliyense agwire dasitipani, mlonda wa usiku akhalepo.

A Gondwe: A Chirwa, mnyamata wanga mmodzi mphuno imakhala yotseka mbali imodzi, nthawi zina imatuluka timagazi. Iye amati ndi fumbi. Wagwira nane nthawi yaitali. Ndibwere naye?

A Chirwa a ku OPD: Bwerani naye madala, musadikire. Nthawi zambiri zimakhala zilonda za m'mphuno chifukwa cha fungo lomwelo, ndipo zimapola akatalikirana nalo. Koma kutseka kwa mbali imodzi kosatha, magazi, khutu limodzi kusamva bwino kapena kachotupa m'khosi, zimenezo timafuna a mphuno ndi makutu aziwone ndi kamera. Akafika asangoti ndili ndi chimfine. Anene kuti amagwira ntchito ku mochale, amagwira fomalini, kwa zaka zakutizakuti. Inunso mudzayezetse magazi tsiku lomwelo, full blood count. Lolemba ndili pa ntchito kuyambira m'mawa, mudzandipeze mzere usanatalike.